MAPU A M'LAMYA: KUCOKERA KU BINDURA KUFIKIRA KU HARARE

Masiku amakedzana, anthu a ku Nyasaland, a ku Fort Jameson ndi a ku Tete, pomka kukafuna nchito ku migodi ya Shamva ndi Bindura, kapena ku mzinda umene iwo ankaucha Halale, analibe mapu m'manja mwao. Anali kudalira mau a anzao amene anapitako kale: pa mtsinje wakuti pali dooko, pa phiri lakuti njira ipatukira kumanzere. Ambiri anakhazikika komweko, ndipo adzukulu ao akali m'makomboni a migodi kufikira lero. Mdzukulu wotere tsopano angathe kuona dera lonselo pa galasi la lamya ya m'manja. Koma cida cimeneci cifunika kucidziwa bwino, pakuti cionetsa zambiri, komanso ziripo zina zimene sicizidziwa konse.

Mapu otere apangidwa ndi zinthu zitatu. Coyamba ndico zithunzi za dziko, zojambulidwa ndi ndege ndiponso ndi makina ozungulira dziko ochedwa setilaiti. Caciwiri ndiyo njira ya GPS. Setilaiti zace ziyenda kumwamba pa mtunda wa makilomita ngati 20,000, ndipo zitumiza zizindikiro kosalekeza. Lamya ikalandira zizindikiro za setilaiti zinai, iwerengera pamene mwini wace waima, niika kadontho pa mapu. Cacitatu ndiwo maina, miseu ndi ziwerengero, ndipo izi sizicokera kumwamba ai, zilembedwa ndi anthu. Zonsezi zisanjikizana monga mapepala oonekera mkati: munthu angathe kucotsa pepala lina ndi kuikapo lina, kukuza malo ndi zala ziwiri kapena kuwacepetsa. Mapu odziwika kwambiri ndi Google Maps ndi Google Earth, amene anatuluka mu 2005, ndi OpenStreetMap, amene anayambidwa ndi Steve Coast ku England mu 2004.

Woyamba ulendo wace pa mapu ku Bindura aona tauni yogona m'cigwa ca Mazowe, makilomita 88 kumpoto cakum'mawa kwa Harare. Malowa kale anali kuchedwa Kimberley Reefs, dzina la mgodi wa golide umene unatsegulidwa mu 1901. Dzina la Bindura linadza mu 1913, caka cimene njanji inafika. Pa cithunzi ca kumwamba migodi siibisika: milu yotuwa ya miyala ndi dothi lotsala ioneka pa Freda Rebecca, mgodi wa golide, ndi pa Trojan, pamene anayamba kukumba nickel m'zaka za m'ma 1960. Akatsata mtsinje wa Mazowe kumunsi, aupeza ulikulowa m'Mozambique, kumene ukomana ndi Luenha, ndipo madzi ace akathira m'Zambezi kumunsi kwa Tete. Akatsata mseu womka ku Harare, apitirira Glendale, minda ya malalanje ndi damu la Mazowe, kufikira minda itha ndipo madenga ayamba kuculuka.

Pamenepo mpamene ukulu wa mzinda uonekera. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 2,400,000 m'cigawo ca Harare, cimene ciphatikiza Harare mwini, Chitungwiza ndi Epworth. Woyang'ana modekha aona msanga kuti mzindawu uli ndi nkhope ziwiri. Kumpoto, ku Borrowdale ndi Highlands, nyumba ziri patalipatali pakati pa mitengo yobiriwira. Kumwera, ku Mbare ndi Highfield, kumene boma la Atsamunda linamangira anchito acikuda pamene mzindawu unali kuchedwa Salisbury, madenga athithikana. Dzina la Salisbury linatha mu 1982, koma magawidwe akalewo akali kuoneka pa cithunzi.

Pepala la mitsinje liphunzitsanso kanthu kena. Kumwera cakumadzulo kwa mzinda kuli nyanja ya Chivero, imene inapangidwa mu 1952 pocinga mtsinje wa Manyame, ndipo ndiyo imwetsa anthu a mu Harare. Koma timitsinje ta Mukuvisi ndi Marimba, timene tipyola pakati pa nyumba ndi mafakitale, titsikira konko. Cotero zonyansa zimene mzinda utaya zitsikira m'madzi amene mzinda womwewo udzamwa. Woyenda pansi sangaone zimenezi tsiku limodzi, koma pa mapu zioneka poyera.

Mapuwa asunganso mbiri, pakuti mu Google Earth munthu angathe kubwerera ku zithunzi za zaka zapitazo ndi kuzilinganiza ndi zatsopano. Njira yolinganiza zithunziyi inagwira nchito yaikulu pambuyo pa 2005, caka cimene boma la Zimbabwe linagwetsa nyumba zambiri pa nchito yochedwa Murambatsvina. Nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inanena kuti anthu ngati 700,000 anataya nyumba kapena copezera cakudya. Mu 2006 bungwe la Amnesty International linaonetsa zithunzi ziwiri za setilaiti za Porta Farm, mudzi wa kumadzulo kwa Harare: pa ca mu 2002 panali nyumba mazanamazana, pa ca mu 2006 panali potetete. Umboni wotere ngwobvuta kuukana.

Komabe wogwiritsa nchito mapuwa ayenera kukumbukira zinthu zitatu. Coyamba, cithunzi ca kumwamba si ca lero. Cingakhale ca miyezi kapena zaka zapitazo, ndipo mlatho wooneka wabwino pa galasi ungakhale utakokoloka kale. Caciwiri, cithunzi ciona pamwamba pokha. Pansi pa dera la Bindura pali ngalande za migodi yakale zimene sizioneka pa lamya. Mu November 2020 mgodi wakale wa Ran unagumuka, nukwirira anthu amene anali kufuna golide m'menemo. Cacitatu, mapu adziwa cokhaco cimene munthu wina analembapo. Miseu ya pakati pa Harare iri ndi maina ace, koma tinjira tambiri ta m'makomboni a migodi ndi m'mafamu tiribe dzina, ndipo tina sitinalembedwe nkomwe. Galimoto ya odwala ikasocera pa malo otere, moyo wa munthu ungatayike. Cifukwa cace mlendo wanzeru afunsabe eni dera, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.

Cosowa cacitatuci anthu wamba angathe kucikonza. Mu 2018 Tawanda Kanhema, mbadwa ya Zimbabwe, poona kuti miseu ya kwao sinali kuoneka pa zithunzi za Street View, anasenza kamera najambula Harare, Great Zimbabwe ndi Victoria Falls, nalipira ulendowo ndi ndalama zace. Mu March 2019, pamene namondwe wa Idai anaononga Beira ndi Chimanimani, ndipo madzi anasefukira ku Nsanje ndi Chikwawa, anthu odzipereka a m'maiko ambiri analemba nyumba ndi miseu pa OpenStreetMap, kuti opereka thandizo adziwe kumene kuli anthu.

Mapu a OpenStreetMap ngotseguka kwa ali yense. Mphunzitsi wa ku Bindura pamodzi ndi ana ace a sukulu angathe kulembapo mjigo, cipatala, sukulu ndi manda a m'komboni mwao, ndi maina amene eni malo awachula. Nchitoyi siifuna ndalama zambiri, ifuna lamya kapena kompyuta, intaneti ndi kusamala kuti colembedwaco cikhale coona. Ikacitika lero, pa tsiku la ngozi wobwera kudzathandiza adzapeza njira yolembedwa kale.