Dzino la Chitsulo Limakhala Zaka Zingati?

M'chaka cha 1965, mumzinda wa Gothenburg ku Sweden, dotolo Per-Ingvar Brånemark anaboola nsagwada ya m'munsi ya bambo wina, Gösta Larsson, nazikamo tizitsulo ta titanium tonga misomali ya mazinga. Pa tizitsulo timeneti anamangapo mano opanga. Bamboyo anatafunira mano amenewo kufikira imfa yake mu 2006, patapita zaka zoposa 40.

Nzeruyi inachokera kwa akalulu. Mu 1952, pofufuza kayendedwe ka magazi m'mafupa, Brånemark anaika kachipangizo ka titanium m'fupa la mwendo wa kalulu. Pofuna kukachotsa anapeza kuti kakanirira, pakuti fupa linali litamera ndi kukagwira zolimba. Moyo wonse wa dzino lotere uli pamenepa. Chitsulocho sichibooka ngati dzino lachibadwa. Chimene chimafooka ndi fupa ndi nkhama zochizungulira.

Akatswiri amapeza kuti mwa mano 10 ozikidwa motere, oposa 9 amakhala akadali m'malo mwake patapita zaka 10. Nanga otsalawo amagwa bwanji?

Ena amalephera pachiyambi pomwe, fupa lisanagwire, ntchito imene imatenga miyezi 3 mpaka 6. Dotolo akaboola mwaphuma, fupa n'kutentha kupitirira madigiri 47 kwa mphindi imodzi, fupalo limafa, ndipo m'malo mwake mumamera mnofu wofewa wosatha kugwira kanthu. N'chifukwa chake poboola amathirira madzi ozizira. Nsagwada ya m'mwamba nayonso, makamaka chakumbuyo, ili ndi fupa lofewa kuposa ya m'munsi.

Koma mdani woopsa amadza mochedwa ndiponso mwakachetechete. Zotsalira za chakudya zikaunjikana m'mphepete mwa nkhama, tizilombo timaswana, nkhama zimatupa ndi kutuluka magazi, kenaka fupa limayamba kudyeka pang'onopang'ono, monga momwe madzi amakokololera dothi patsinde pa mzati. Madotolo amatcha nthendayi peri-implantitis. Kuipa kwake n'kwakuti nthawi zambiri siipweteka, kotero mwini wake amadzadzidzimuka dzino litayamba kugwedera, pomwe palibenso chochita koma kulizula. Amene mano awo anatha ndi matenda a nkhama ndiwo ali pangozi kwambiri, chifukwa tizilombo timene tinagwetsa mano akale timakhala tikadali m'kamwa momwemo. Fodya amachepetsa magazi ofika ku nkhama, matenda a shuga osasamalidwa amachedwetsa kupola kwa bala, ndipo nsagwada imene inawotchedwapo ndi makina ochiza khansa siigwira chitsulo bwino.

Palinso anthu okukuta mano ali m'tulo. Dzino lachibadwa limamangidwa ku fupa ndi timinyewa timene timalilola kunyera pang'ono ndi kuchenjeza munthu akaluma mwala mu mpunga. La chitsulo lilibe timinyewa totere, motero mphamvu yonse imagwera pamazinga ndi padzino lopangalo, limene limatha kusweka kapena kukhwefuka chitsulo cha m'fupa chikadali bwinobwino. Imeneyi ndi ngozi yochepa, popeza dzino la pamwambalo amangolisintha.

Achinyamata amene mwangotsiriza sukulu, dziwani kuti amene wathyoka dzino pa mpira amayamba wadikira kufikira nsagwada itasiya kukula, kawirikawiri pa zaka 18 kapena kuposerapo. Chitsulo chogwidwa ndi fupa sichisuntha pamodzi ndi mano anzake, ndipo chikazikidwa msanga, dzinolo limadzatsala lalifupi pakati pa anzake otalika.