ZIPANGIZO ZAMKUWA ZA PAMOTO ZIRI KUTHERA PA SIKELO

M'midzi ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi, moto umayaka pakati pa mafuwa atatu, ndipo m'cisanu ca June ndi July banja limazinga mbaula. Mafuwa sagulidwa, ndipo mbaula ikatha imatayidwa kudzala. Koma kuli maiko kumene zipangizo za pamoto zinasanduka cuma cosiyira ana.

Ku England, m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, moto unali kusonkhedwa m'phanga lomangidwa m'cipupa ca nyumba, utsi ndi kutulukira pa cumuni. Amisiri, makamaka a mumzinda wa Birmingham, anali kupanga mbaniro zopanira makala, fosholo yaing'ono yowolera phulusa, ndodo yotakasira moto, ndowa ya malasha, ndi kampanda kochinga makala kuti asagwere pa matabwa a pansi. Zambiri anazipanga ndi mkuwa wosanganiza ndi zinki, umene umaoneka wacikasu ngati golide. Luso lalikuru linali pa kampanda kaja. Mmisiri anali kuboola mkuwawo mwa maonekedwe a maluwa ndi masamba, kotero kuti usiku kuwala kwa moto kunali kudutsa m'timabowo ndi kubvina pansi. Nchito yopukuta zonsezi inali ya anchito a m'nyumba, ndipo siinali yopepuka. Azungu a m'Boma ndi alimi a fodya a ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi Chipata, anamanganso nyumba zokhala ndi moto wa m'cipupa.

Komatu mkuwa sunabwere ndi Azungu. Mu 1960, anthu okumba maziko a thanki ya madzi pa Ingombe Ilede, pafupi ndi mtsinje wa Zambezi, anapeza manda akale okhala ndi mitanda yamkuwa, zigwinjiri, ndi zida zokokera mkuwa kuti ukhale waya. Acewa naonso anali ndi osula ao, odziwa ng'anjo ndi mvukuto, ndipo agogo ambiri anasiya zigwinjiri zamkuwa m'mabokosi.

Cobvuta ndi ici: ogula zitsulo zakutha amagula mkuwa pa sikelo. Iwo sayang'ana maluwa kapena zaka. Amayang'ana makilogramu, ndipo cinthu cikasungunulidwa sicibweranso.

Wofuna kudziwa cimene ali naco ayese ndi maginito. Mkuwa weniweni sugwira maginito, koma citsulo congopakidwa mkuwa pamwamba cimagwira. Mkuwa ukada kapena kubiriwira, madzi a ndimu ndi phulusa losefa bwino zimauyeretsa. Mcenga umakanda ndi kufafaniza zolembapo. Ogula zinthu zakale ambiri amakonda cinthu cosakwecedwa konse, conco wofuna kugulitsa asafulumire kupukuta.

Lamulo la mu 1989, limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission, linaletsa kutulutsa kunja kwa Zambia zinthu zamakedzana popanda cilolezo. Wofukula zotere m'munda kapena pa bwinja ayenera kudziwitsa amfumu ndi a kuBoma asanazipereke kwa munthu ali yense.