Udzu wa pagombe la Hoylake ndi njira ya boti lopulumutsa anthu

Kodi mkangano wa ku Hoylake unayamba bwanji?

Hoylake ndi tauni ya ku Wirral, kumadzulo kwa mzinda wa Liverpool ku England, pafupi ndi pamene mtsinje wa Dee umathira m'nyanja yamchere. Kwa zaka zambiri khonsolo ya Wirral inkapala gombe la tauniyi ndi thirakitala, n'kumapoperanso mankhwala a glyphosate kuti udzu usamere. Mu 2019 anthu anadandaula kwambiri ndi mankhwalawo, ndipo khonsolo inaimitsa zonse ziwiri, kupopera ndi kupala komwe. Posakhalitsa gombe linabiriwira, anthu n'kugawanika. Ena akufuna mchenga woyera umene ankaseweramo ali ana, ena akuti zomerazo zisiyidwe. Pakati pawo pali nyumba yosungiramo boti la bungwe la RNLI, limene limapulumutsa anthu panyanja.

Udzuwo unachokera kuti, popeza palibe anaudzala?

Unatsata mchenga. Kale pamalopa panali madzi akuya otchedwa Hoyle Lake, pamene zombo zinkaima, ndipo mu 1690 mfumu William III inanyamukira pomwepa popita kunkhondo ku Ireland. Madziwo anakwiririka kalekale, ndipo gombe likukwerabe chifukwa mafunde ndi mphepo sizileka kutula mchenga. Gombe likakwera, madzi amchere salimiza kawirikawiri, choncho mbewu zimapeza mpata womera. Woyamba kukhazikika amakhala udzu wopirira mchere wotchedwa Puccinellia maritima. Tsinde lililonse limakola mchenga wouluka, kumbuyo kwake n'kupanga kachulu kakang'ono, pakachulupo n'kumeranso zomera zina zosafuna mchere wambiri. Thirakitala inkangochotsa masamba. Kukwera kwa gombe sinakuletse ngakhale tsiku limodzi.

Nanga udzu ungalepheretse bwanji boti, pamene boti limayenda pamadzi?

Ku Hoylake boti limayamba layenda pamtunda. Madzi akaphwera amathawira kutali kwambiri, n'kusiya mchenga wokhawokha mtunda woposa kilomita. Boti la kumeneko ndi la mtundu wa Shannon, lotalika mamita oposa 13 ndiponso lolemera matani pafupifupi 18. Limakwezedwa pa ngolo yokokedwa ndi thirakitala ya matcheni, imene imalinyamula mpaka kukalitula m'madzi, kenako n'kukalitenganso likabwerako. Palinso hovercraft, galimoto yoyandama pa mpweya, yopulumutsira anthu amene atitimira m'matope kapena atsekerezedwa ndi madzi obwerera.

Masamba a udzu paokha sangaimitse makina olemera chonchi. Vuto ndi zimene udzu umasonkhanitsa: timachulu, matope ofewa obisika pansi pa zobiriwira, ndi timakwawa timene madzi amakumba akamafuna podutsa. Njira imene woyendetsa ankaidziwa ngakhale mumdima imasintha chaka ndi chaka. Ogwira ntchitoyi ambiri ndi ongodzipereka, amathamanga kuchokera kunyumba kapena kuntchito, nthawi zina pakati pa usiku mphepo ikukuntha, ndipo munthu amene ali m'madzi ozizira alibe nthawi yodikira. Msodzi wa kunyanja kwathu amadziwa kuti doko likapanda kusamalidwa bango limalitseka, koma amadziwanso kuti chofunika kulambula ndi pokocheza bwato, osati gombe lonse.

Kodi zomerazo n'zosowadi, kapena ndi udzu wamba?

Zambiri ndi zamba, zopezeka m'magombe ena ambiri. Zina ndi zolowerera, monga Spartina anglica, udzu umene unabadwa kufupi ndi Southampton m'zaka za m'ma 1800 pamene mtundu wa ku America unasakanikirana ndi wa ku Ulaya. Koma akatswiri a zomera anenanso kuti apezapo Rumex rupestris, chomera cha m'magombe chosowa kwambiri ku Ulaya, chimene lamulo la ku Britain limachiteteza mwapadera. Chofunika kwenikweni si chomera chimodzi, koma malowo: gombe limene likuyamba kumene kusanduka zulu zamchenga ndi dambo lamchere. Malo otere atsala ochepa chifukwa makoma otchinga nyanja ndi nyumba zinadya ambiri.

Ndani ali ndi mphamvu yolamula kuti udzu uchotsedwe?

Khonsolo singangotumiza thirakitala. Gombeli ndi lotetezedwa ndi lamulo la zachilengedwe la 1981, komanso lili pa mndandanda wa madambo a pangano la Ramsar chifukwa cha mbalame zimene zimadyera pamenepo nyengo yozizira. Ntchito yosokoneza malowo imayenera kudutsa ku bungwe la boma la Natural England. Malamulowo sali ouma mtima monga ena amanenera. Amavomereza kuti malo otetezedwa akhoza kukhudzidwa pofuna kuteteza moyo wa anthu, malinga ngati palibe njira ina ndipo zowonongekazo zibwezeredwa kwina. Kukongola kwa gombe kulibe mphamvu yotere.

Kodi Hoylake sidzasanduka ngati Parkgate?

Mantha amenewa ali ndi pogwira. Parkgate, kumtunda pang'ono kwa mtsinje wa Dee, inali doko la zombo zopita ku Dublin m'zaka za m'ma 1700. Lero munthu akaima pakhoma la dokolo amangoona dambo, ndipo madzi amafika pakhomapo mwa apo ndi apo. Koma Parkgate ili mkati mwa mtsinje, mobisika, m'matope. Hoylake yayang'anizana ndi nyanja, kumene mphepo imabweretsa mchenga. Ikufanana kwambiri ndi Birkdale, kufupi ndi Southport, kumene udzu womwewu unayamba kumera mu 1986, malowo n'kusanduka zulu zamchenga zokhala ndi maluwa ambiri komanso achule osowa otchedwa natterjack.

Ndiye pachitike chiyani?

Ine ndikuona kuti nkhani ziwiri zamangidwa mtolo umodzi, ndipo ziyenera kumasulidwa. Boti likufuna njira yolimba, yotakasuka mokwanira kutembenukirapo ngolo, yosamalidwa chaka chonse, ndipo kukula kwake anene ndi oyendetsa makinawo, osati andale. Asanailambule, akatswiri ayendemo n'kuika zizindikiro pamene pali zomera zosowa, kuti njira izipewe ngati n'kotheka. Alambule ndi makina, mankhwala ayi, ndiponso apewe nthawi imene mbalame zadzaza pagombe. Aziyezanso kukwera kwa mchenga chaka chilichonse, chifukwa njira yokwanira lero ikhoza kuchepa mtsogolo. Za gombe lonse lotsalalo, ofuna mchenga woyera anene poyera kuti akufuna malo osewerera, n'chifukwa chomveka ndithu, koma asabisale kumbuyo kwa boti.