Rambo ali mbwee, koma Neria ndinam'saka mpaka ku Katete

Inu amene mwapanikizana anai-anai pa mpando wa minibasi m'mawa uno, tacewukani muone mnzanu wa pambali. Ngati sali m'tulo, maso ake ali pa foni, ndipo kawirikawiri ndi filimu imene akuonerera, kwinaku kondakita akum'gogoda pa phewa kuti alipire. Mafilimu sasowa masiku ano. Nanenso ndinali kuganiza conco kufikira mwezi wa August, pamene amai aang'ono anandiimbira foni kucokera ku Katete.

Anadziwa kuti ndikubwera ku Kulamba, mwambo wa Acewa umene umacitika ku Mkaika Loweruka lomaliza la mwezi umenewo. Ndinayembekezera kumva za shuga, saladi ndi citenje monga mwa masiku onse. Koma iwo anati, "Mwana wanga, ukandigulire Neria. Ya pa disiki, osati ya m'foni."

Amene munabadwa m'ma 2000 mwina simukum'dziwa Neria. Ndi filimu ya ku Zimbabwe ya kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Nkhani yake analemba ndi Tsitsi Dangarembga, anaitsogolera ndi Godwin Mawuru, ndipo Neria mwini wake anali Jesesi Mungoshi. Malemu Oliver Mtukudzi, amene anatisiya mu January 2019, anaseweramo ngati mlongo wa Neria, ndiponso ndiye anaimba nyimbo ija imene mpaka lero imaliritsa anthu. Nkhani yake ndi ya mai amene mwamuna wake wamwalira pa ngozi, ndiyeno mlamu wake Phineas abwera n'kukokolola ndalama ndi katundu, mpaka ana omwe. Neria apita kukhoti.

Sindinafunse cifukwa cake anali kuifuna. Atate aang'ono tinawaika m'manda mu May, ndipo abale a kucimuna anali atayamba kale kuyang'ana ngolo ndi malata ndi diso lija mumalidziwa.

Ndinayambira muno m'tauni, ndili ndi cikhulupiriro conse kuti ndi nchito ya mphindi khumi. Ku City Market ndinazungulira, ku Kamwala ndinazungulira. Matebulo aja amene kale anali kudzaza ndi madisiki tsopano ali ndi machaja, makava a foni ndi tumasipika. Mnyamata wina wa pa kantemba, laputopu ili pa miyendo, anandiyang'ana ngati ndafunsa mtengo wa ndeke.

"Mudala, Neria ni ndani? Ni ya ku Nigeria? Nili na Rambo yonse, Commando, Van Damme. Bweretsani memory nikuikileni."

Apa ndi pamene nkhani yagona. First Blood, filimu yoyamba ya Rambo, inatuluka mu 1982. Commando ndi ya 1985. Enter the Dragon ya Bruce Lee ndi ya 1973, yakale kuposa makolo a mnyamata ameneyu. Onsewa anali nawo, ena kawiri-kawiri. Ndiye vuto la Neria si ukalamba ai. Vuto lake ndi lakuti kumbuyo kwake kulibe kampani ya cuma imene imaitulutsanso mwatsopano nthawi iliyonse makina akasintha. Mafilimu a ku Hollywood anacoka pa tepi kupita pa DVD, kucoka pa DVD kupita pa intaneti, eni ake akuwaperekeza ngati mwana wa mfumu. Athu a kuno amasamuka okha, wapansi, ndipo ambiri amatsalira m'njira.

Makinawo ndiye asintha, si pang'ono. Tinayamba ndi tepi ya VHS, ija inali kufuna kubwezedwa kumbuyo usanaibweze kwa mwini wake. Kampani yomaliza kupanga madeki a tepi, Funai ya ku Japan, inaleka mu 2016. Kenaka kunabwera VCD, imene filimu imodzi inali kukhala pa madisiki awiri, ndipo wacabe-cabe anali kukugulitsa Disc 1 ziwiri, iwe n'kuzindikira usiku uli kunyumba. DVD inabwera ndi cithunzi cabwino, koma amalonda anaipeza nzeru. Disiki wamba imalowa 4.7 GB, malo okwanira bwino filimu imodzi ya maola awiri. Iwo anayamba kupanikizamo mafilimu khumi, makumi awiri, monga mmene ba kondakita amatipanikizira ife. Zotsatira zake mukuzikumbukira: nkhope ya Schwarzenegger yooneka ngati phala, mau akubwera pambuyo pakamwa patatsekedwa kale.

Ndinakwera basi ku Intercity wopanda Neria. Ulendo wa ku Katete ndi pafupifupi makilomita 500 pa Great East Road, ndipo TV ya m'basi sinapume: nyimbo za kwaya kufikira pa Luangwa Bridge, pamene tinatsika kukagula nsomba zouma, kenaka filimu ya ku Nigeria kudutsa Nyimba ndi Petauke. Anthu a ku Nigeria tiwapatse ulemu wao. Living in Bondage ya 1992 inagulitsidwa pa tepi mwacindunji, osadikira nyumba ya kanema, ndipo pa maziko amenewo anamangapo msika umene unafika mpaka m'midzi ya kwathu. Titafika pa Sinda, mwana wa pa mpando wa kutsogolo anali kunena mau a filimuyo asanatuluke pakamwa pa wosewera.

Ku Katete malonda a mafilimu ali moyo ndithu, kungoti asintha nkhope. Pa Stores, pafupi ndi pamene msewu wa ku Chanida ndi ku Mozambique umapatukira, mupeza anyamata a makompyuta, sipika ili panja ikuitana anthu. Umapereka memory kapena flash, iwo n'kukudzazira. Zimene zimayenda kwambiri ndi mafilimu omasuliridwa m'Cicewa ocokera ku Malawi, aja munthu mmodzi amalankhulira aliyense, Mchaina, Mmwenye kapena msilikali wa ku America, n'kumathirako nthabwala zake. Ena amanyoza kuti amaononga filimu. Ine sinditero. Agogo amene sanapite kusukulu amatsatira nkhani yonse kucokera poyamba mpaka pomaliza, cinthu cimene Cizungu ca m'mphuno ca ku Hollywood sicinawalolepo.

Mupezanso Izeki ndi Jakobo, ngakhale onse awiri anapita, John Nyanga mu 2016 ndi Eric Mabedi mu 2021. Mupeza zidutswa za Tikuferanji, momwe muli Manganya, Michael Usi, amene mu 2024 anadzakhala waciwiri kwa pulezidenti wa Malawi. Mupeza Bikiloni ndi Difikoti, Sarafina! ya 1992, The Gods Must Be Crazy ya 1980, ngakhale Shaka Zulu ya Henry Cele. Koma tafunsani Play Circle ya pa ZNBC. Tafunsani Kabanana yonse kuyambira gawo loyamba, kapena Banja ya pa Muvi TV, ija inali kucititsa azimai kupsereza ndiwo. Ine ndafunsa ku Lusaka, ndafunsa ku Chipata, ndafunsa ku Katete, ndipo sindinaonepo bokosi lake pa shelefu ya sitolo iliyonse. Za pa wailesi ndiye musanene: Sewero, kapena nthano za Julius Chongo za Poceza m'Madzulo, zimene makolo athu anali kuzimvetsera atazungulira wailesi imodzi. Mwai wake Poceza m'Madzulo inalowako m'buku. Mau a munthuyo, amene ndiwo anali ndiwo yeniyeni ya nkhanizo, simungawagule pa msika.

Zimenezi zimandiwawa kuposa mtengo wa basi. Mwana wa ku Chawama angakuuzeni mbiri yonse ya Rambo, koma sanamvepo mmene agogo ake anali kusekera m'cilankhulo cao.

Neria ndinam'peza tsiku lacitatu, kwa bambo wina wacikulire amene amakonza mawailesi ndi mabatire a sola kuseri kwa msika. Kale anali ndi video show: kanyumba ka mdima, mabenchi a matabwa, jenereta kunja, ndi cikwangwani ca choko colengeza filimu ya madzulo. Ambiri a ife a kum'mawa kanema tinaidziwira m'tunyumba totere, titaba ndalama ya cigayo. Nditachula dzina la filimuyo sanayankhe. Anawerama n'kukoka katoni pansi pa tebulo, n'kuyamba kuvundukula madisiki limodzi-limodzi, akupukuta fumbi pa thalauzi.

"Akulu, imeneyi ndinaikopera ndekha kucokera pa tepi, deki isanafe. Anthu amaifuna pakagwa maliro."

Inali disiki yopanda cikuto, dzina lolembedwa ndi maka. Tinaiyesa pomwepo pa ka TV kake, ndipo apa ndikupatseni malangizo aulere, inu ogula. Musacoke pa sitolo musanaione ikusewera. Musaone poyamba pokha, uzani wogulitsa adumphire pakati ndi kumapeto, cifukwa disiki yodwala imayamba bwino. Itembenuzeni muyang'ane kunsi kwake pa dzuwa: mikwingwirima yopita mozungulira ndi yoipa kuposa yocokera pakati kupita m'mphepete. Ngati kunsi kuli kofiirira kapena kobiriwira, dziwani kuti ndi yoocha pa kompyuta, ndipo zotere sizikondana ndi kutentha kwa mu October. Ine malangizo a kumapetowo ndinawaiwala, monga mudzamva.

Ndivomere pano kuti disiki imene ndinagula ndi yakuba. Pa ndalama imene ndinapereka, yosakwana ngakhale mbale ya nsima ya pa Luangwa, palibe ngwee imene idzafika kwa Jesesi Mungoshi kapena ku banja la Mtukudzi. Lamulo lilipo, Copyright and Performance Rights Act ya 1994, ndipo mu 2013 boma linabweretsa hologram, kacizindikiro konyezimira komata pa disiki yeniyeni. Colinga cinali cabwino. Koma cinafika msika uli kusamuka kale, ndipo pa filimu ya mu memory palibe pomata kanthu. Komanso wapolisi angalande katoni ya bambo uja, koma sangandionetse sitolo imene ndingagule Neria yeniyeni. Amene amasunga mafilimu athu akale lero ndi anthu omwewo amene lamulo limawacha akuba.

Mwina wina kumbuyoko akuti, bwanji osangoitanitsa kunja? Zimatheka, koma cenjerani. Ma DVD enieni amakhala ndi nambala ya cigawo. Zambia ili m'cigawo 5, South Africa ndi Britain zili mu 2, America ili mu 1. Tumakina tochipa twa pa msika nthawi zambiri timadya ciliconse, koma makina a dzina angakane disiki imene mwalipira madola. Ndinaphunzira zimenezi pofuna U-Carmen eKhayelitsha, opera ya Carmen yoimbidwa m'Cixhosa, imene inapata mphoto yaikulu ya Golden Bear ku Berlin mu 2005. Inde, opera yeniyeni ya kuimba, osati Zuba ndi Mpali zimene timazicha ma soap opera. Ngati filimu ya ku Cape Town yopambana conco imafuna kuitanitsa ngati mankhwala osowa, nanga sewero la ku Katete lidzapezeka kuti?

Wina akuti zonse zili pa YouTube. Zina zilipo, zoona. Koma amai aang'ono amakhala kumene netiweki imapezeka pa culu, ndipo bundle ya maola awiri ndi ndalama ya sopo. Cinanso, za pa intaneti si zako. Lero zilipo, mawa wina wazicotsa. Memory nayo imafa osadwala, kapena mdzukulu amafufuta zonse kuti aikemo nyimbo. Amai anafuna cinthu coti angacigwire m'manja, n'kucibisa, n'kucitulutsa tsiku limene iwo afuna.

Tsikulo linali Lamlungu, m'mawa mwake mwa Kulamba, fumbi la Gule Wamkulu lisanatuluke m'mphuno. Anaitana azimai a cigwirizano a ku chalichi kwao. Anaitananso alamu awo awiri, ati adzaonere kanema wa mwana wa ku Lusaka. Ka TV ka sola tinakaika pa mpando pakhonde, anthu pa mphasa. Filimuyo ndi ya Cizungu, ndiye mdzukulu wa giredi 9 ndiye anali womasulira, ngakhale sanagwire nchito yambiri. Phineas atayamba kunyamula katundu, womasulira sanafunikenso. Azimai anali kungoti "Ha!" "Taonani!" Alamu aja anali kuyang'ana pansi, wina n'kumakonza lamba wa nsapato imene inalibe vuto.

Kwa ife a ku Zambia nkhaniyi ili ndi lamulo lake. Intestate Succession Act ya 1989 imati munthu akamwalira osasiya wilo, ana atenge 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo odalira malemuyo 10. Malo a mwambo, aja ali m'manja mwa mafumu, lamuloli siliwakhudza. Ndinali nditakonzeka kufotokoza zonsezi ngati loya wa pansi pa mtengo. Mpata sunapezeke, ndipo mwina zinakhala bwino.

Neria atangolowa m'khoti, disiki inaima. Cithunzi cinasweka tumabokosi-tumabokosi, kenaka zii. Tinaipukuta ndi citenje, tinaiuzira mpweya, mnyamata wina anati tipake mankhwala otsukira mano. Inakana. Ine manyazi anandigwira, munthu wa m'tauni wobwera ndi katundu wakufa.

Amai aang'ono sanatekeseke. Anaimirira, n'kumanganso citenje, n'kuyamba kusimba okha zimene zinatsala: zimene woweruza ananena, mmene Phineas anatulukira, mmene apongozi a Neria anatembenukira mtima. Filimuyi anaionera kamodzi kokha, pa tepi, kunyumba ya aphunzitsi ena zaka zoposa 25 zapitazo. Mwina zina anaonjezerako, sindingatsutse. Koma anali kulankhula akuyang'ana alamu awo m'maso, ndipo palibe amene anadzuka kufikira atatsiriza.

Ngolo ikadali pakhomo pamene ndikulemba pano. Disiki ija anaikulunga m'pulasitiki n'kuiika m'sutukesi, pamodzi ndi NRC ndi khadi la ku chalichi. Pondiperekeza ku basi anandipatsa nshawa ndi nchito ina: pa Khrisimasi ndibwere ndi Neria yofika kumapeto, ndi Kabanana ngati ilipo.

Ndiye inu amene muli ndi katoni ya matepi pansi pa bedi ku Matero, ku Chilenje kapena ku Mtendere, musaitaye ndi zinyalala za Loweruka. Lemberani danga lino. Deki yoseweretsa ndaipeza kale kwa bambo wina ku Kabwata, ingofunika lamba watsopano.