Mbalame Imene Alendo Amaolokera Nyanja Kukaiona

Alimi anzanga, inu amene mumapirikitsa mpheta m'munda wa mapira, kodi mudziwa kuti ku Ulaya kuli anthu amene amasonkha ndalama ndi anzawo, nakwera ndege, kungofuna kukaona mbalame imodzi yokha?

Mbalameyo Azungu aitcha shoebill, chifukwa mlomo wake unga nsapato. Ikaimirira ifika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Ipezeka m'madambo a Bangweulu kumpoto kwa Zambia, ndiponso ku Uganda ndi ku South Sudan. Imaima m'madzi nthawi yaitali osagwedera, kudikira mlamba. Alendo aja amalawirira pa bwato kukaifuna m'mabango, ndipo tsiku lina amabwerako osaiona, ndalama zitapita kale!

Imaikira mazira awiri, koma kawirikawiri amakula mwana mmodzi yekha. Tsono moto wolusa ukatentha chisa, kapena akuba akatenga mwanayo kukagulitsa kunja, ndiye kuti chaka chimenecho palibe kanthu.

Chiyambire 2008, bungwe la African Parks lisamala Bangweulu pamodzi ndi boma ndi eni dera. Asodzi ena a kumeneko amalandira malipiro chifukwa cholonda zisa mpaka mwana atauluka.