Chiwewe Chimatseka Pakamwa Mlonda wa Thupi

Kachirombo kakalowa m'thupi, maselo amatulutsa puloteni yotchedwa interferon, imene asayansi anaitulukira ku London mu 1957. Ntchito yake ndi kukuwa, kuti maselo oyandikana adziteteze.

Koma kachirombo ka chiwewe nkochenjera. Kali ndi puloteni yake, yotchedwa P, yomwe imatsekereza uthengawo panjira. Thupi lili chigonere, iko kamakwawa m'mitsempha kupita ku ubongo, ulendo umene nthawi zambiri umatenga mwezi umodzi mpaka itatu.

Nchifukwa chake wolumidwa ndi galu, kaya ku Ulónguè kaya ku Zóbuè, asadikire zizindikiro. Atsuke bala ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Katemera amadzutsa thupi kachiromboko kasanafike kumutu. Zizindikiro zikayamba, pafupifupi palibe amene amapulumuka.