Makina a Khofi Akaleka Kutentha

Ana athu ena ogwira nchito ku Johannesburg amabwera ndi makina ophikira khofi wa espresso, amene mtundu wake woyamba Angelo Moriondo anaulembetsa ku Turin m'chaka cha 1884. Tsono makinawo akafa, tisafulumire kuwamasula.

Poyamba tizule pulagi kukhoma, tidikire azizire, pakuti magetsi a mavoti 230 akakomana ndi madzi apha munthu. Ngati kanyali kake sikayaka konse, tiyese soketiyo ndi wailesi, tiyang'ane chingwe, ndiponso fyuzi ya m'pulagi ya kuno, imene kawirikawiri ili ya maampu 13. Koma kanyali kakayaka, madzi nakhalabe ozizira, chovuta chili m'kati: kapena chitsulo chotenthetsa chapserera, kapena kafyuzi kena kokhala pa thanki yotenthayo kaduka, monga kamachitira makina akayatsidwa opanda madzi.

Apa ndi pamene ambiri alakwa, namalumikiza kafyuziko ndi waya. Kanaduka kuti nyumba isapse! Tigule kena kofanana nako, mmisiri wa magetsi akaike, nafufuze chimene chinakadula. Ndipo makina akamagwetsa switchi yaikulu ya m'nyumba, kawirikawiri madzi afika pa waya; asayatsidwenso kufikira mmisiriyo atawaona.